Chikwama cha Kapitawo Longwe

1

Amene anandidziwa ndili wamng'ono ku Chintheche amandikumbukira ndi mbiri imodzi: Lettie Nyamhone, uja anachititsa manyazi asibweni ake pabwalo. Sindinawatsutsepo. Koma amene ndinkawatchinjiriza onse anagona kale, nane mawondo ayamba kundikokera komweko, choncho lero ndinena mmene zinakhalira.

Masiku amenewo tinkakhala m'linga. Angoni a kumapiri anali asanaiwale kuti Atonga anawathawa, ndiye mudzi wonse unapanikizana m'kati mwa mpanda wa mitengo ndi minga, nyumba kugundana madenga. Ukatsokomola kwanu, wofunsa za chifuwacho amakhala wa nyumba yachitatu. Kumunda wa chinangwa tinkapita gulu, maso ali kumapiri, n'kubwerako dzuwa likadali pamutu.

Amuna anga, a Enos Longwe, anali mmodzi wa amene anakulira kwa Angoni. Anagwidwa ali mwana pamodzi ndi amayi awo, amayiwo n'kufera komweko. Pothawa anabwera ndi makutu oboola ngati Mngoni, chikwama cha chikopa cha mbuzi paphewa, ndi mlongo wawo Nyalongwe, amene anati anabadwira kumapiriko. Mlamu wangayu ankakhala m'kanyumba kuseri kwa yathu. Anali munthu wofatsa, wosaseka pagulu, ndipo amuna onse amene anamufunsira anabwerera manja lende.

A Enos sanandimenyepo, sanandikalipirepo. Nsomba ankabweretsa, nsalu ankandigulira. Koma ndinkakhala nawo ngati mlendo amene eni nyumba akumusamala bwino. Akamandiyang'ana, maso awo ankafika pa ine n'kupitirira. Ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha: mtima wa bambo ameneyu. Ndinkati ndikapeza pogwira, ndiukoka.

2

Pogwirapo panabwera ndi jekete. Mzungu wa sitolo ya padoko la Bandawe, amene tinkamutcha Kamphuno, anawakweza a Enos kukhala kapitawo wa amtengatenga, woyang'anira katundu wotsika m'sitima. Anawapatsa jekete lakuda la mabatani achitsulo ndi buluku loyera. Tsiku limene analowa nazo pachipata, ana anawalondola mpaka pakhomo, amayi n'kusiya mitondo.

Nyamanda, mnansi wathu wa pakamwa posatseka, anaima manja ali m'chiuno.

"Ada Longwe, kumtunda mzungu, m'mbalimo mbuzi! Kodi nayonso aiyambitsa ntchito?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Ndipo sanaseke bodza. Chikwamacho chinali chitayoyoka ubweya malo ambiri, mvula ikachinyowetsa chinkanunkha usipa ndi fodya, ndipo lamba wake wokhuthala anali atada bii ndi thukuta.

Patapita masiku ochepa, ndikuwathirira madzi osamba m'manja, anayankhula okha.

"Bwana wanena kuti chikwamachi chisafikenso pasitolo. Akuti makiyi ake ayamba kununkha khola."

"Ndiye tipeze china, ada."

"Ichi chili bwino."

"Jekete lotere ndi chikopa chotere? Anthu akukusekani."

"Ndati chili bwino, Nyamhone."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo atauma choncho. Mawa lake anachikoloweka m'kati mwa jekete, chinthu n'kutumba pamsana ngati linunda la ng'ombe. Amtengatenga anandinong'oneza kuti akayandikira sitolo amachibisa pachitsamba, makiyi n'kumayenda nawo m'manja tsiku lonse. Ndinamva chisoni. Ndinati bambo awa akuopa kuoneka onyada. Ndikawapezera chikwama choyenera ndi manja anga, adzadziwa kuti m'nyumba muno muli mkazi.

3

Ndinapita ku Bandawe ndi amayi ogulitsa ufa wa kondowole, nkhuku yanga ili m'khwapa. Sindinkadziwa kuti kusankha chikwama cha mwamuna ndi ntchito.

Choyamba ndinachiona kwa Mswahili wina wa ngalawa. Chinali chachikopa chofiira, cha mphonje, kagalasi kali pakati.

"Mama, ichi akanyamula bwana wako, njira yonse imupatukira," anatero.

Ndinachigwira, mtima n'kudumpha. Koma ndinakumbukira kuti onyamula zikwama zotere ndi aja ankadutsa ndi anthu omangidwa magoli. Kapitawo wa sitolo akaoneka nacho, amtengatenga angathawe. Ndinachibweza.

Panali zina zoluka ndi mlaza, zimene asodzi amaikamo mbedza. Zopepuka, koma mvula imalowa ngati m'lichero. Cha Kamphuno mwini ndinachiona pakhonde la sitolo, chouma ngati bokosi, chonyamula m'manja. Chimenecho n'cha munthu amene ntchito yake ndi kuloza ndi chala.

Anandithandiza ndi a Aleck, bambo wosoka matanga a ngalawa, amene ankakhala pansi pa mkuyu, chinsalu chokhuthala chili pamiyendo.

"Ama, mukufuna cha a Longwe? Mwachedwa, mbuzi ija yatizunza mphuno," anatero akuseka. "Tamverani. Chikwama cha munthu wa jekete chisayankhule kuposa jekete. Anthu aone munthu, aone jekete, chikwamacho achione pomaliza."

"Chikule bwanji?"

"Amanyamula chiyani?"

"Makiyi, sileti, kansupa ka fodya."

"Basi, chikwane zimenezo. Chikakula, abale aziti muli mchere wogawa. Chikachepa, aziti n'cha sing'anga. Tiika chivundikiro chogwera kutsogolo kuti mvula idutse. Koma choyerachi musachisiye choncho, paphewa la jekete lakuda chizioneka ngati kakowa pamsana pa njati. Mukachinyike m'makungwa ndi matope chide."

"Nanga lamba?"

"Apo ndiye pali nkhani. Kapitawo amafuna manja onse awiri, ndiye chikhale chokoloweka. Koma lamba wansalu amadula phewa, amakwinyanso jekete. Pezani wachikopa, wotambalala, wofewa kale."

Wofewa kale. Ndinaseka ndekha njira yonse. Lamba wa chikwama chakale uja! Ndikamusokera pa chatsopano, a Enos sadzadandaula, phewa lawo lidzapeza chimene linazolowera.

Mlamu anandithandiza kunyika nsaluyo. Nditamuuza za lamba, manja ake anaima m'mphika.

"Alongo anga avomera?"

"Ndikufuna ndiwadzidzimutse."

"Mlamu, sokani chatsopanocho. Chakale chisiyeni mmene chilili."

"Nanunso? Kodi mbuzi imeneyi inali ya mfumu?"

Sanaseke. Anapitiriza kufinya nsalu, madzi akuda akutsika m'zigongono.

4

Lasabata a Enos ankapita kutchalitchi ku Bandawe opanda chonyamula, chifukwa amishoni ankati tsikulo munthu asasenze kanthu. Chikwama anachipachika kudenga. Ine ndinatsala, ndinati msana ukuwawa.

Ndinachitsitsa n'kukhala nacho pakhonde. Lambayo anali wopinda pawiri, wosokedwa ndi mtsempha wa ng'ombe, msoko waung'ono wokongola umene sindinauonepo kwathu kuno. Ndinalowetsa mpeni pamene lamba amalumikizana ndi thumba, n'kukoka.

Kunamveka waa, ngati mapira akutayika.

Mikanda. Ing'onoing'ono, yakuda ndi yobiriwira, ikutuluka m'mimba mwa lamba, kugubuduka pakhonde ponse. Kachingwe kake kanatsalira kakulendewera, kozungulira bwino muyeso wa chiuno cha munthu.

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Mikanda ya m'chiuno siionedwa ndi mwamuna wina koma mwini nyumba. Mkazi akaivula n'kupatsa mwamuna, wamupatsa zonse.

Ndinakuwa osadziwa kuti ndakuwa. Ndipo m'linga kukuwa sikupita pachabe. Ndisanatole ngakhale theka, Nyamanda anali ataima pamutu panga, kambale kopemphera moto kali m'manja.

"Mwe! Ya m'chiuno iyi!"

"Pitani, ama."

Anawerama n'kutola umodzi, kuuyang'ana padzuwa.

"Si yako. Yako ndimaiona kumadzi, ndi yoyera ikuluikulu. Iyi ndi ya kumapiri." Anayamwa mano. "Kapitawo wathu wofatsa uja! Mwana iwe, uli ndi mnzako m'linga muno."

Moto sanatenge. Anali atapeza wina woti akagawe nyumba ndi nyumba.

5

Ndinatola mikanda yonse n'kupita kuseri. Mlamu ndinamupeza akusenda chinangwa choviika. Ndinakhuthulira mikandayo palichero lopanda kanthu limene linali pambali pake.

"Mlamu, inu munakula nawo alongo anu. Ndiuzeni mwini wake. Sindikamenya munthu, ndingofuna ndimudziwe."

Anapukuta manja pansalu, n'kuyamba kuisankha ndi chala, yakuda uku, yobiriwira uku, pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala. Kenaka anasuzumira pansi pa lichero.

"Wofiira uja uli kuti?"

Wofiira unalipo umodzi wokha. Unagubudukira kunsi kwa mtondo, ndipo ndinautola pomaliza, Nyamanda atachoka. Unali m'dzanja langa lamanzere. Panalibe anauona koma ine.

Ndinatambasula dzanjalo. Mlamu anauyang'ana, n'kundiyang'ana ine, ndipo nkhope yake inagwa ngati khoma lonyowa.

"Mwaudziwa bwanji?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Lowani m'nyumba. Chonde. Mipanda ili ndi makutu."

Tinalowa. Anakhala pansi, msana kutsamira chitseko.

"Ine sindine Nyalongwe. Ndine Nyathole, Mngoni wa bambo ndi mayi. A Enos anandikwatira kumapiri, abale anga akuona. Atonga atathawa, ndinawatsatira. Tinafika pachipata chija patangopita nkhondo, maliro ali mbwee, amuna ali ndi mikondo. Anandiloza n'kufunsa kuti uyu ndani. A Enos akanati mkazi wanga Mngoni, akanandibaya pomwepo. Ananena mawu amene anafika msanga pakamwa. Anati mlongo wanga."

"Ndiye zaka zonsezi, kuseri kwa nyumba yanga..."

"Ayi! Ndikulumbira pa amayi anga. Chilowereni m'linga muno sanandikhudzepo ngakhale chala. Munthu ndi mlongo wake akapezeka pamphasa imodzi, mukudziwa chimene amawatcha. Afiti. Akanatiotcha tonse. Tinkati nkhondo ikatha tidzaulula. Nkhondo yake iti yatha? Mawu aja anandipulumutsa, n'kundikwirira wamoyo. Ndiye ndinavula mikanda yanga n'kuisokera m'lambamo. Ndinati poti ine sangandigwire, anyamule iyi."

Ndikanakonda akanati ankakumana kutchire. Ndikanakalipa, ndikanalira, zikanatha. Koma bambo amene ankagona pambali panga ankadzuka m'mawa uliwonse n'kukoloweka mkazi wina paphewa, ine n'kumawakonzera kuti lamba akhale bwino.

"Nanga ine munanditengeranji?"

Anaweramitsa mutu.

"Anthu anayamba kunong'ona. Mwamuna wamkulu osakwatira, mlongo wake kukana amuna onse, pali chiyani? Tinaona kuti atigwira. Iwo ankakana, ine ndinawakakamiza. Ndine ndinakusankhani. Ndinakuonani kumadzi mukuchapira mayi wina wodwala amene sanali mbale wanu. Ndinati uyu sadzandithamangitsa."

Ndinatuluka osatseka chitseko. Koma ndikanapita kuti? Kutsogolo nyumba yake, kumbuyo nyumba yake, kuzungulira konse minga.

6

A Enos anamva nkhaniyi asanafike ndi pachipata pomwe. Analowa jekete lili pamkono, thukuta kamukamu. Anaona chikwama chodulidwa pamphasa, anaona maso anga, n'kukhala pansi ngati nkhalamba.

"Wakuuza?"

"Andiuza."

"Ndinakulakwira, Nyamhone."

"Asibweni atumiza mawu. Mawa pabwalo. Akuti mutchule mwini mikanda."

Asibweni anga, a Kamanga, ndiwo anandilera, ndiwonso anali ankhoswe a ukwati wathu. Anali munthu wanthabwala, woluka maukonde, ndipo ankandikonda kuposa ana awo. Nkhaniyi inawapsetsa mtima. Koma sanali okha. Mwamuna aliyense amene mkazi wake anachokera kumapiri anayamba kumuyang'ana m'mbali. Ena anali atanena kale kuti kapitawo akakana kutchula, akazi onsewo amwe mwavi, wosanza apulumuke, wolakwa afe. Ndipo chaka chimenecho mphekesera zinali ponseponse kuti Angoni akunola mikondo, kuti ali ndi azondi m'malinga athu.

"Ndikanena zoona, amupha," anatero a Enos. "Ndikakhala chete, amwetsa akazi a eni osalakwa."

"Mukathawira kwa amishoni?"

"Angamubise iye. Koma lamulo lawo ukulidziwa. Mwamuna asunge mkazi woyamba, wachiwiri abwerere kwawo."

"Wachiwiri ndine. Ada, ndifunse chimodzi. Pakanakhala palibe mikondo, palibe mwavi, palibe amishoni. Mukanasunga ndani?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anali munthu wosadziwa kunama kawiri. Bodza lake limodzi lija linamutha mphamvu zonse.

Mwana anagunda m'mimba. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinadziwa kuti mawu atatu okha, akuti uyo ndi Mngoni, angandisiyire nyumba ndi mwamuna ndekha. Sindinama, ndinawayeseza mawuwo pakamwa, ndipo anakoma.

7

M'mawa bwalo linadzaza. Asibweni anaika lichero la mikanda pakati, chikwama chodulidwa pambali. A Enos anakhala pansi atavala jekete lawo, mabatani onse otseka, ngati munthu wopita kukaikidwa. Mlamu anali kumbuyo kwa amayi, nsalu ili kumutu.

"Ada Longwe," anayamba asibweni, "ndinakupatsani mwana wosadziwa kanthu, woleredwa m'manja mwangamu. Simunamupeze panjira. Lero ali ndi pakati, inu mukuyenda ndi chiuno cha mkazi wina paphewa. Mukufuna afe pobereka? Tchulani."

A Enos anangoyang'ana licherolo.

"Tchulani, kapitawo! Kapena makiyi a pakamwa mwasiya kwa Kamphuno?" anakuwa wina, anthu n'kuseka mwaukali.

"Abwere nawo mwavi!" anatero mwamuna wina, atagwira mkazi wake pamkono. Mkaziyo anali mtsikana wamng'ono, makutu oboola.

Ndinaona mlamu akusuntha. Anachotsa nsalu kumutu, anaika dzanja pansi kuti adzuke. Ankafuna kudzipereka. Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Sindinganene kuti chinali chikondi, pakuti nthawi imeneyo ndinkamuda. Ndinangoona dzanja lija, lomwe dzana linali m'mphika mmodzi ndi langa, likadali lakuda ndi makungwa.

"Ndi yanga," ndinatero.

Asibweni anatembenuka.

"Khala pansi, mwanawe. Usamutchinjirize."

"Ndi yanga, asibweni. Anabwera nayo kuchokera kumapiri n'kundipatsa. Ndinaivala, kenaka ndinaivula n'kuwasokera m'lambamo."

"Bodza!" anatero Nyamanda. "Nanga unakuwiranji?"

"Ndinkafuna kuitulutsa bwinobwino, mpeni n'kuterereka. Inu mutadula mikanda yanu muli ndi pakati, mungaimbe nyimbo?"

Amayi ena anagwedeza mitu. Koma asibweni anali munthu woluka maukonde, ankadziwa kufufuza pamene pathawira nsomba.

"Chikwatiwire sitinamve kuti wavala ya kumapiri. Unaivala liti? Unaivula liti?"

Apa ndipo panali phompho. Ndinaliona, n'kulumphiramo.

"Asanabwere kudzandifunsira kwa inu."

Bwalo linaphulika. Aliyense anamva tanthauzo lake: mtsikana amene asibweni ake ankamutama mudzi wonse anavulira mwamuna mikanda ankhoswe asanakumane. Amayi anaomba m'manja mwachipongwe. Mwamuna wa mwavi uja anasiya mkono wa mkazi wake n'kuyamba kuseka.

Asibweni sanakalipe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atadzaza madzi.

"Ndinkayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha iwe," anatero motsitsa. Anatola ndodo yawo n'kuchoka. Mpaka imfa yawo sanadyenso chakudya cha m'nyumba mwanga.

8

Ndinkaganiza kuti zathera pabwalo. Ndinaiwala kumadzi.

Tsiku lotsatira, tikuvula kuti tisambe, Nyamanda anandiyang'ana m'chiuno.

"Yako ya kumapiri ija ili kuti? Poti tonse taidziwa, ubisiranji?"

Ndinabwerera kunyumba n'kumuuza mlamu. Anaitunga yekha pachingwe chatsopano, wofiira uja pakati, n'kundimanga ndi manja ake. Kuyambira tsiku limenelo ndinayenda ndi mikanda ya mkazi mnzanga m'chiuno, kuti bodza langa likhale ndi mboni. Usiku dzanja la a Enos linkaigunda. Sindinadziwepo kuti akugwira ndani, ndipo sindinafunsenso.

Kwa amishoni anandichotsa m'kalasi ya ofuna ubatizo mpaka mwana atayamba kuyenda. Atsikana anandipekera nyimbo ya pamtondo. Chikwama chatsopano chija a Enos anachinyamula, lamba wake wopanda kanthu m'kati, ndipo Kamphuno anati tsopano ndiye kapitawo. Chinakhaladi bwino ndi jekete. A Aleck sananame.

A Enos anandilemekeza moyo wawo wonse, monga munthu amalemekezera sing'anga amene anamuona ali maliseche. Ngati pansi pa ulemuwo panamera china, sananene, ndipo ine sindinakumbe.

Nkhondo zinatha, linga linagwa, anthu anabalalika kukamanga kumene afuna. Ife atatu sitinathe kubalalika. Kuulula kukanasandutsa ana anga ana a mkazi wobwezedwa, kukanasandutsa mlamu mfiti kapena wabodza wa zaka zonse. Tinamanga nyumba ziwiri moyandikana monga kale. Ana anga anawalera ndi iye, ankamutcha ankhazi, mlongo wa bambo awo, ndipo akadwala ankagona kwa iye.

A Enos anamwalira tsitsi litachita imvi. Mwambo unati mkazi wamasiye akhale kumutu kwa maliro, amange chingwe cha mlaza pamphumi. Mlongo akhale kumiyendo ndi abale ena. Anandimanga chingwecho, akazi n'kundizungulira kundigwira mapewa. Mlamu anakhala kumiyendo, akulira motsitsa, mwa muyeso wa mlongo, kuopa kupitirira.

Amuna atanyamula maliro, nyumba inatsala ndi ife awiri kanthawi kochepa. Ndinamasula chingwe changa, ndinaching'amba pakati m'litali mwake, n'kumuvula mpango. Ndinamumanga theka pamphumi, n'kubwezera mpango pamwamba kuti asaone munthu.

"Lirani amuna anu, Nyathole," ndinatero.

Chilowereni pachipata chija palibe anamutchulapo dzina limenelo. Analira kulira kumene sindinakumvepo kwa munthu, nkhope ili pamiyendo panga, ine nditatseka pakamwa pake ndi nsalu kuti akunja aziyesa ndine.

Inu amene mwawerenga izi, ena munena kuti ndinapusa, ndinagula moyo wa mkazi mnzanga ndi dzina langa, osapindula ngakhale mtima wa mwamuna. Mwina mukunena zoona. Masiku ena nanenso ndinkadzitukwana choncho ndikusinja. Sindikuuzani kuti muchite monga ine. Ndingopempha ichi: mukamva mayi wina akuimbidwa pamtondo, musafulumire kuthira mang'ombe. Pa ife atatu panalibe woipa mtima, koma tonse tinakalamba titamangidwa ndi mawu amodzi onenedwa mwamantha pachipata. Asibweni anga anapita kumanda akundiyesa wachiwerewere. Mwa zonse zimene ndinataya, chimenecho chokha ndicho chimandiwawabe.